Mkamwini Alawa Vinyo wa ku Sipeyini

Mwini sitolo ya zakumwa ankafuna munthu womusankhira vinyo woika m'mashelefu. Mkamwini wake, amene ntchito inali itamuthera, anadziponyapo yekha. Akuti mphuno yake sinama.

Apongoziwo anagula botolo la vinyo wofiira wa ku Sipeyini, wotchipa ndithu, n'kumuitanira kunyumba. "Mudzalawe, mutiuze ngati tingaode wambiri. Mukakhoza, ntchito ndi yanu."

Mkamwini anafika atamanga tayi, kunja kukutentha chonsecho. Analunjika kukhitchini, napeza jagi yagalasi pambali pa sinki, itadzaza zofiira. Anainyamula.

"Bambo a mwana, jagi imeneyo..." mkazi wake anayamba.

"Mayi, izi si za tiyi. Vinyo amamuthira m'jagi kuti apume. Inu konzani mbale."

Mkaziyo anangopitiriza kupukuta mbale zake.

Pabalaza mkamwini anathira m'tambula. Anaipukusa, anaiunika pawindo, analowetsamo mphuno yosanama ija mpaka kunyowa. Kenako anamwa. Khosi linakana, misozi inalengeza, koma ntchito inali ikusuzumira pakhomo. Anameza.

"Mwamumva bwanji?" apongozi anafunsa.

"Eee, bambo, ameneyu ndi wokhwima. Kuwawasaku ndi dzuwa la ku Sipeyini. Kamchereka ndi mphepo ya kunyanja. Osazolowera sangamumvetse." Ndipo anagugudanso, kuti asaoneke wosazolowera.

Pomwepo apongozi aakazi anatulukira, makatani ali paphewa.

"Ndani wasuntha utoto wanga? Ndasungunula bwinobwino ndi mchere ndi viniga kuti ndinyike makataniwa."

Anayang'ana jagi. Anayang'ana mkamwini, amene mano ndi lilime zinali psuu ngati wazinga nkhuku ndi pakamwa.

"Kalanga ine! Mwandimwera theka?"

Mkazi wa mkamwiniyo analowa mwakachetechete, naika patebulo botolo la vinyo lija, chitsekero chili chikhalire.

Apongozi aamuna sanaseke. Anangokankhira jagi kwa mkamwini. "Malizani, bambo, ife ndife osazolowera. Za ntchito ija tidzakambirana makatani akauma."

Makatani adauma kalekale, adayamba n'kusuluka komwe. Mkamwini akudikirabe, ndipo vinyo uja adamwa ndi apongozi awiriwo, n'kumuyamikira kuti pa mtengo wake ngwabwino.

Pakamwa si pomwera pokha, mpofunsiranso. Safunsa adadya phula.