Mayi Wojambula Amene Anazula Chingwe

Panali mayi wina pa boma lina amene ankajambula zithunzi za maukwati. M'kompyuta yake munali zithunzi za mkwatibwi wina amene bambo ake anamwalira patangotha sabata ukwati utachitika. Zithunzi zomaliza za bamboyo zinali zomwezo. Mayiyo anazikoperanso m'kadisiki kapadera kolumikiza ndi chingwe.

Tsiku lina kunabwera kasitomala wa tayi, fulashi ili m'manja. "Mayi, tandiikireniko nyimbo za kwaya umu."

Mtima unakana, koma manyazi anavomera. Munthu wa tayi ungamukanize bwanji? Anaibaya fulashiyo pakompyuta, osadziwa kuti yanyamula kachilombo kowononga makompyuta.

Masiku atatu kunali zii. Lachinayi kompyuta inayamba ulesi, fani ikulira ngati chigayo. Mayiyo anati ndi kutentha kwa Okutobala. Kenako anatsegula chithunzi, chinakana. China, chinakananso. Atayang'anitsitsa, anaona maina a zithunzi akusintha okha, limodzi ndi limodzi, lililonse likumera mchira wa zilembo zachilendo. Ndipo kadisiki kaja kanali kakadali kolumikiza.

Pabenchi la m'situdiyo yake panali anthu odikira zithunzi za chiphaso. "Mayi, basi itisiya!" anadandaula mmodzi.

 Mayiyo anazula chingwe cha kadisiki, nazula cha intaneti, anthu akunyinyirika. Posakhalitsa pakompyuta panatuluka uthenga wa mbava za pa intaneti: zonse takhoma, kiyi tili nayo ife, perekani dipo. Katswiri wa makompyuta atabwera anapukusa mutu. "Ambiri amapereka, kiyi osaiona. Koma kadisiki aka sikanakhudzidwe. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina."

Loweruka mkwatibwi uja analandira zithunzi zake. Atafika pa chithunzi chimene bambo ake amamugwira dzanja pakhomo la tchalitchi, analira, nayenso wojambulayo analira.

Abale anga, tchimo silibwera ndi nyanga. Limabwera litavala tayi, ife n'kuchita manyazi kulikana. Likalowa limayamba lakhala phee. Kenako pemphero limalemera. Zinthu zimasintha maina: bodza likhala nzeru, kuba kukhala kuchenjera. Mukaona zimenezi musanamizire nyengo, musadikire kalata ya dipo. Zulani chingwe lero, ngakhale a pabenchi anyinyirike. Ndipo ngati mdani wakhoma kale mtima wanu, musakambirane naye mtengo, iyeyo sabweza kiyi. Dipo lanu linaperekedwa kale pa mtanda, ndipo amene analipereka ndiye adzakutsegulirani.