Galu Amene Anaphunzitsidwa Nyenyezi

Mvula inagwa Lachiwiri masana, dothi n'kununkhira. Pofika madzulo anzanga anali atatsitsa kale mbewu zawo. Ine tulo tinandithawa. Chimanga chambewu ndinali nacho chigoba chimodzi chokha, bambo a ana ali ku Joni. Ndikachedwa kudzala, ana adzadya chiyani? Ndikafulumira mbewu n'kupsa, ina ndikaitenga kuti?

Ndinatuluka panja. Atsibweni anga a Gwedeza anali pakhonde, kuthawa kutentha kwa m'nyumba.

"Nangozo, ukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Ndi mvulayi eti? Takhala apa.

"Kalekale, m'mudzi mwathu muno munabwera mkamwini wina, dzina lake Chakhumbira. Munthu wa khasu ameneyo! Kukacha ali kumunda, kukada ali kumunda. Koma makutu? Analibe.

"Chaka china kunagwa mvula ngati yalero, chizimalupsa, ija imangozimitsa moto wa kutchire n'kupita. Chakhumbira mbewu paphewa. Apongozi ake, Nasiwa, anatuma mwana wawo: 'Kawauze amunako adikire, nyenyezi za Nsangwe zikuchedwabe kutuluka.' Iye anaseka. 'Mvula ili pansi, iwo akuyang'ana kumwamba?'

"Anadzala. Chimanga chinamera bwino, chobiriwira. Kenako dzuwa. Dzuwa lero, dzuwa mawa, masabata atatu. Chinatsala n'chiyani? Fumbi. Chaka chimenecho banja lake linadya madeya opempha. Eni mbumba anati, 'Zikachitikanso, anyamule mphasa yake azipita kwawo.'

"Apo m'pamene makutu anamera. Koma wodziwa bwino nyenyezi anali apongozi omwewo, ndipo masiku amenewo mkamwini ndi apongozi sankayang'anana. Akakumana panjira, wina ankalowa patchire. Nanga aphunzira bwanji?

"Nasiwa anakhala kuseri kwa nkhokwe, Chakhumbira mbali inayi, pakati pawo galu wawo Tilekeni.

"'Tilekeni, galu iwe, yang'ana kum'mawa. Ukuziona nyenyezi zitatu zandondana? Amenewo ndi Akamwini Atatu. Amamva zowauza amenewo, sapatuka pamzere.'

"Chakhumbira anakanda mutu. 'Tilekeni, uwauze amayi kuti ine ndikuona zitatu paliponse.'

"'Galu iwe, vuto lako umathamangira zowala kwambiri. Funa zofanana msinkhu, zotalikirana mofanana.'

"Usiku woyamba, palibe. Wachiwiri, palibe, khosi lokha kuwawa. Wachisanu anakuwa, 'Ndawaona! Tilekeni, ndawaona!' Galu mpaka kuthawa.

"'Ukawapeza,' anatero Nasiwa, galu atabwerera, 'kwera ndi mzere wawo, udutse nyenyezi yofiira. Upeza kamulu ka tinyenyezi tothithikana ngati mapira m'dzanja. Ndiye Nsangwe. Ikamatuluka anthu atagona, mvulayo ndi yabodza. Ikatuluka nkhuku zikungolowa m'khola, tsitsa mbewu.'

"Chizimalupsa chitagwanso, akamwini anzake anathamangira kumunda. 'Chakhumbira, khasu lathyoka kodi?' Iye amvekere, 'Ndikudikira galu andiuze.' Anamuseka. Koma anakolola ndani? Mphasa yake sinachoke m'mudzi muno, ndipo iwe ndi ine tatuluka mwa iyeyo. N'chifukwa chake ife a mbumba ya Nasiwa sitidzala ndi fungo la dothi. Mphuno imanama. Timayamba tafunsa kumwamba."

Atsibweni anakhosomola n'kuloza kum'mawa ndi chibwano.

"Zipeze wekha. Ine si galu."

Ndinayang'ana. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, za nyenyezi sindinaphunzirepo. Zonse zinkangooneka ngati ufa wotayika. Ndinaloza ina yowala.

"Wathamangira yowala. Magazi a Chakhumbira amenewo," anatero atsibweni.

Ndinayambanso. Cham'munsi, pamwamba pa mtengo wa mango wa kwa mai Likongwe, zinali pomwepo: zitatu, zandondana. Ndinakwera nazo pang'onopang'ono, kudutsa yofiira ija, mpaka kamulu kaja. Ndinasangalala ngati ndapeza mwana wosochera pamsika.

"Atsibweni, yatuluka nthawi yanji lero?"

"Utatsuka kale mbale, ana ako akuliza mkonono."

M'mawa ndinapachika mbewu yanga kudenga la kukhitchini, pamene pamafika utsi. Ndinabereka wamng'ono, kutenga khasu, kukamaliza mizere yotsala. Panjira ndinakumana ndi mai Likongwe, chigoba cha mbewu pamutu.

"Amake Tiyanjane, khasu lokha, mbewu ili kuti? Simudzala?"

Miyendo inafuna kubwerera kukatsitsa mbewu ija. Ndinamangitsa nsalu ya mwana.

"Pitani bwino, mai," ndinatero. "Ine ndikudikira galu andiuze."