Nthutumba Imodzi, Alendo Atatu

Kalekale, ngakhale si kale la makolo athu, panali mtsikana wa ku Ntcheu dzina lake Ndaziona, amene anapeza mwayi wa sukulu ku Russia. Kuhositelo anapeza anzake atatu ochokera m'maiko atatu. Pocheza ankangosakaniza, apa Chingerezi, apa Chirasha, zikakanika manja basi.

Chaka china anapita kumudzi kutchuthi. Patatha milungu iwiri atabwerera kusukulu, anakomoka pamasitepe.

Anamupeza ndi Linh wa ku Vietnam, kamtsikana kochepa thupi koti mphepo ikhoza kukanyamula. Anthu onse anali m'kalasi. Linh anamugoneka pabulangete n'kumukoka mpaka panja, kenako anakaima pakati pa msewu m'chipale chofewa, manja m'mwamba, mpaka galimoto ina inaima.

Kuchipatala anati ndi chimfine chabe, abwerere akagone. Koma Coumba wa ku Senegal atangoona mmene mnzake ankanjenjemerera, anadziwa kuti ndi malungo, chifukwa matenda omwewo anapha mng'ono wake. Anakuwa m'Chifalansa, anakuwa m'chinenero cha kwawo, palibe anamumva. Ndiye anangokhala pansi pakhomo n'kukana kusuntha.

Apo ndi pamene anafika Aigerim wa ku Kazakhstan. Iyeyu malungo anali asanawaonepo, koma Chirasha anachiyamwira. Anatenga mawu onse amene Coumba anamuuza m'Chingerezi n'kuwapereka kwa dokotala m'Chirasha, ndipo anakangana naye mpaka anavomera kuyeza magazi. Analidi malungo! Dokotala anati akanachedwa tsiku limodzi, bwenzi tikunena zina.

Ndaziona atachira, mayi ake anamuuza pafoni kuti, "Mwanawe, anthu otere sitiwathokoza ndi pakamwa pokha. Uwaphere nkhuku, ndipo nthutumba upatse amene anakupulumutsa."

Nkhuku za m'sitolo kumeneko zinalibe zam'kati. Choncho anakwera basi mpaka kumudzi wina kunja kwa tauni, n'kubwera ndi tambala wamoyo m'katoni.

Tsiku la phwandolo khitchini ya hositelo inasanduka msika. Coumba anabwera ndi mpunga wophikira pamodzi ndi nsomba, Aigerim ndi timandasi ta kwawo, Linh ndi msuzi wa tsabola umene unaliza aliyense misozi. Aliyense anapemphera m'chinenero chake. Anaphunzitsana nyimbo, naziphonyaphonya, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Foni anaitsamiritsa kubotolo kuti mayi a Ndaziona aziona zonse ali ku Ntcheu.

Pomaliza Ndaziona anabweretsa nthutumba pakambale, n'kufotokoza mwamanyazi kuti kwawo imeneyi amadya ndi mlendo wolemekezeka kuposa onse. Aigerim anatola mpeni kuti aidule patatu. Mayi aja anayamba kukupiza manja pafoni.

"Mayi akuti ayi," anatero Ndaziona. "Akuti nkhuku ili ndi nthutumba imodzi, ndipo iyenera kupita yathunthu m'mbale ya munthu mmodzi. Ndikaidula ndiye kuti sindinathokoze aliyense."

Basi mkangano unabuka, uku akuseka.

"Popanda ine, bwenzi atakubweza ndi mankhwala a chimfine, mchemwali," anatero Coumba.

"Iwe? Popanda ine bwenzi ukukuwabe pakhomo paja mpaka lero," anayankha Aigerim.

Onse anatembenukira kwa Linh. Iye anayang'ana pansi n'kunena chapansipansi kuti, "Ine sindikudziwa. Koma pomukoka paja anali wolemera."

Ndaziona anaima pakati pawo, kambale m'manja. Akanapatsa mmodzi, awiri akanatuluka akudziwa kuti awaika pambuyo. Akanapanda kupatsa aliyense, mayi ake anali pafoni pomwepo, chibwano m'manja, kudikira.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tandithandizani. Mmodzi anamufikitsa kuchipatala, wina anadziwa matenda, winayo anachititsa kuti dokotala amve. Nthutumba ikuzizira. Kodi aiike m'mbale ya ndani?