Chingwe cha Mfundo Ziwiri

Panali munthu wina, dzina lake Likongwe, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina mumzinda wa Lilongwe. Iye ndi mphunzitsi wina wa pulayimale, Maseko, anakwatira pakhomo limodzi. Likongwe anatenga wamkulu, Maseko wamng'ono. Bambo wa akazi awiriwo atamwalira anawasiyira kangachepe ka penshoni, ndipo aliyense anagula puloti, wamkulu ku Njewa, wamng'ono ku Lumbadzi. Mkazi wa Likongwe ankati puloti yake ndi thukuta la bambo ake. Analibe chinthu china padziko lino chimene akanachitcha chake.

Likongwe ankalandira malipiro oposa a Maseko. Ankadziwa zimenezo, ndipo ankafuna kuti ena azidziwanso. Ku zinkhoswe ndi ku maliro ankafika atamanga tayi, Maseko akubwera pa njinga, choko chili m'zikhadabo. Koma apongozi awo akafuna malangizo ankaitana Maseko. Zimenezi zinkamudya Likongwe m'kati ngati nankafumbwe m'chimanga.

Chaka china mabanja onse awiri anatopa ndi lendi, ndipo anaganiza zomanga. Likongwe anapita ku banki kukapempha ngongole ya nyumba, mapepala a puloti ya mkazi wake ali m'manja ngati chikole. Mayi wa ku bankiyo anayang'ana malipiro ake n'kunena kuti, "Bambo, ife timaona gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anu. Limenelo ndi limene mungamabweze mwezi ndi mwezi ana osagona ndi njala. Ngongole tikupatsani yolingana ndi gawo limenelo."

"Nanga maalawansi anga?" anafunsa Likongwe. "Mwezi sutha ndisanapite ku msonkhano ku Mponela kapena ku Salima."

"Alawansi ndi mlendo, bambo," anatero mayiyo. "Amabwera akafuna, amachoka osatsanzika. Ife timawerenga wokhala pakhomo."

Ndalama zimene anamupatsa zinali zokwana nyumba ya zipinda zitatu zazing'ono, kuyambira maziko mpaka malata. Nyumba yoteroyo siichititsa manyazi munthu. Mkazi wake anavina pakhonde tsiku limenelo, ndipo Likongwe yemwe anagona tulo tabwino.

Tulo timeneto sitinakhalitse. Tsiku lina anapita kukaona apongozi, ndipo m'kati mwa macheza iwo anati, "Mwawaona maziko amene akumba anzanu ku Lumbadzi? Kuchoka kuno kukafika uko, mpaka miyendo kuwawa." Apongoziwo anali ndi mawu ena oti apitirize, koma Likongwe anali ataimirira kale, akuti wakumbukira ntchito ina. Atafika kwawo anaika lamulo: dzina la banja la Maseko lisamvekenso m'nyumba muno. Mkazi wake anayesa kufunsa chimene chalakwika. Anamuyankha ndi chitseko.

Mphunzitsi wa pulayimale, munthu wa njinga, amange nyumba yomuposa iye? Funso limeneli linkadya naye mbale imodzi, linkakwera naye minibasi, linkakhala naye pa desiki. Akanatha kuimba foni n'kufunsa kuti, "Achimwene, mukumanga chiyani kumeneko?" Koma munthu wansanje safunsa. Amaopa kuti yankho limupweteka.

Lamlungu lina m'mawa, atavala kale zakutchalitchi, anati mutu ukuwawa. Mkazi ndi ana atapita kutchalitchi, iye anagula chingwe chachitali pamsika n'kukwera minibasi ya ku Lumbadzi. Pa puloti ya Maseko panalibe munthu. Anapeza maziko awiri. Kumbuyo kunali tating'ono, ta zipinda ziwiri, ndipo anati mumtima, "Eti wayamba n'kumangira antchito." Kutsogolo kunali maziko aja anawamva, ataliatali, ngalande zake zowongoka bwino. Anaima pamenepo mtima ukuwawa. Kenaka anagwada m'dothi ndi buluku lake lakutchalitchi. Anayala chingwe m'lifupi mwa mazikowo n'kumanga mfundo. Anachiyalanso m'litali n'kumanga mfundo yachiwiri. Anachikulunga, nabwerera kwawo asanaweruke a kutchalitchi.

M'mawa mwake anaonetsa mmisiri wake chingwecho. "Iwalani pulani ija. Nyumba yanga ikhale muyeso uwu, muwonjezerepo mkono umodzi mbali zonse."

Mmisiriyo anachitambasula, nakanda m'mutu. "Bwana, ndalama munanditchulira zija zithera pa mawindo."

"Inu mangani. Zotsalazo zichokera ku misonkhano."

Mkazi wake ataona kukula kwa maziko anachita mantha, koma anauzidwa kuti za njerwa ndi simenti si za azimayi. Za chingwe sanauzidwe.

Mmisiri sananame. Maziko okha anameza theka la ngongole, ndipo zipupa zitafika pa mawindo ndalama zinatha psiti. Mwezi womwewo mabwana a ku bungwe lija analengeza kuti misonkhano izichitikira mu ofesi momwemo, ndi tiyi ndi mabisiketi. Mlendo uja anali atachoka osatsanzika.

M'masiku amenewo Likongwe anapeza mazira patebulo, thileyi yodzaza. Anafunsa kuti achokera kuti. Mkazi wake anazengereza chifukwa cha lamulo lija, kenaka anati, "Watumiza mng'ono wanga. Nkhuku zawo zayamba kuikira. Paja kutsogolo kwa puloti yawo anamanga khola lalikulu ndi ndalama za banki m'khonde za mng'ono wangayo. Iwo akukhala m'kanyumba ka kumbuyo, kamene anamanga ndi ngongole ya alamu. Lendi anasiya kalekale, ndipo mazirawa ndi amene akuwathandiza kubweza."

Likongwe anangoyang'ana mazirawo. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Anali atapikisana ndi nkhuku, n'kuzipambana ndi mkono umodzi mbali zonse.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaima. Akanafolera zipinda ziwiri za kumapeto, n'kulowamo, lendi n'kutha. Koma Likongwe anaganiza za anthu odutsa pamsewu akuloza chala, ndi za apongozi akugwedeza mutu. Anapita kwa wakatapila kuti apeze za mitengo ya denga lonse. Wakatapila sanafunse za gawo limodzi mwa magawo atatu. Anangomwetulira, natenga khadi la ku banki la Likongwe ndi nambala yake yachinsinsi.

Kuyambira pamenepo malipiro a Likongwe ankadyedwa ndi anthu atatu iye asanawaone: banki, mwini nyumba ya lendi, ndi wakatapila. Mitengo anagula, koma za malata zinasowa. Mvula inabwera, mitengo ija inapindika, ndipo m'chipinda chochezera munamera chisoso ndi nsangwi zofika m'chiuno. Mbuzi za anthu a ku Njewa zinapeza pobisalira dzuwa. Posakhalitsa anayamba kulephera kubweza ku banki. Makalata ochenjeza anabwera, iye nawabisa. Tsiku lina mkazi wake, akupita kukalambula pa puloti ya bambo ake, anapeza chikwangwani chakuti malowa akugulitsidwa. Anakhala pansi pa mulu wa mchenga n'kulira ngati maliro a bambo akewo achitika kachiwiri.

Puloti inapita. Mwini nyumba ya lendi nayenso anati pepani, ndapeza ena olipira.

Amene anabwera ndi Maseko, pa njinga yake yomwe ija. Sanakalipe, sanaseke. Anati, "Achimwene, nkhuku zatha kuikira, ndazigulitsa. Ndimafuna kuitanitsa anapiye, koma adikire. Kholalo ndalitsuka, ndapaka laimu. Si malo oyenera inu, koma lili ndi denga. Khalani mmenemo mpaka mutapeza popondera."

Anasamuka pa lole yobwereka. Matilesi anawamanga ndi chingwe chimene mkazi anachipeza pansi pa bokosi la mwamuna wake, chodetsedwa ndi dothi lofiira. Atatsitsa katundu, mayiyo anaona kuti kholalo ndi chipinda chimodzi chachitali, ndipo makolo sangagone maso ndi maso ndi ana. Anaganiza zopachika zitenje pakati. Anakhoma msomali pa chipupa ichi, nakhoma wina pa chipupa icho, namangirira chingwe. Akuchikoka, anapeza kuti pali kale mfundo, ndipo mfundoyo inafika ndendende pa msomali wachiwiri.

Anaima kaye. Anamasula chingwe chija, napatsa mwana wake wamkazi nsonga kuti agwire kumapeto kwa khola. Iye anayenda m'litali monse, chingwe chikutambasuka m'manja mwake. Atagunda chipupa chakumapeto, mfundo yachiwiri inali m'chikhatho chake.

Likongwe anali pakhomo, mpando uli m'manja. Mkazi wake anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo anakumbukira Lamlungu lija la mutu wowawa, ndi buluku lakutchalitchi limene anachapa lili ndi dothi m'mawondo.

"Bambo a Limbani," anatero motsitsa mawu, "ndiye thukuta la bambo anga munaligulitsa chifukwa cha nyumba iyi? Lowani tsono. Mwaipeza."

Inu amene mwangoyamba kulandira malipiro, ndaona mmene mumayang'anira malata a anzanu mukamadutsa. Sindikuletsani kumanga, ndipo ngongole ya nyumba si tchimo. Koma musanapite ku banki, dziwani ndalama imene imabwera mwezi uliwonse osaphonya, mugawe patatu, ndipo nyumba yanu ikule kufika pamene gawo limodzi lingafike. Ikhale yoti mufolere n'kulowamo, chifukwa wolipira ngongole ndi lendi nthawi imodzi akusenza mitolo iwiri pamutu umodzi. Za alawansi ndi za ganyu zikabwera, mugulire makatani.

Ndipo mukaona mnzanu wakumba maziko aakulu, pitani masana iye alipo, mukamupatse moni, mumufunse. Safunsa anadya phula. Simudziwa chimene chidzagone m'maziko amenewo, ndiponso simudziwa chimene chikumulipirira. Muyeso wa nyumba yanu uli m'thumba mwanu. Mukakautenga pa puloti ya mwini, mudzagona m'khola lake.