Kamuvi Kophimbidwa ndi Tepi

Pakhomo pena pankadyedwa chifukwa cha pikapu imodzi yakale. Chitseko chake chakumanzere chinali chomanga ndi chingwe, utoto unasupuka kalekale, koma inkanyamula njerwa, mchenga, matabwa ndi chilichonse chimene munthu sangasenze pamutu. Ikagona tsiku limodzi, mphika nawo unkagona.

Mwini wake ankanyadira kwambiri mageji a kuseri kwa chiwongolero. Kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kankaima pakati penipeni, kaya kuzizire, kaya dzuwa liswe mtengo. Kamuvi ka mafuta nako kankangoloza theka.

"Taonani kufatsa kwa galimotoyi," ankatero kwa aliyense wokwera. "Siipsa mtima ngati anthu a masiku ano."

Zoti mafuta ankamuthera panjira geji ikulozabe theka, sankazitchula.

Mkazi wake anali ndi mlongo wokonza zamagetsi a galimoto. Tsiku lina mlongoyo atabwera kudzacheza, anasuzumira pawindo la pikapu n'kugogoda galasi la mageji ndi chala.

"Alamu, timivi tanuti tinamwalira kale. Mukuyenda ndi mitembo."

"Tafa bwanji poti tili chilili?"

"Ngakhale mtengo wouma umaima, alamu."

"Inu mukangoona galimoto ya munthu, manja amakuyabwani. Munandipatsa mkazi, zikomo. Zinazi zisiyeni."

Mayiyo sanali munthu wotaya malovu. Mwamuna wake atapita kukameta, anaitana mlongo wake uja n'kumupatsa makiyi. Ntchito yake sinali yaikulu. Mawaya a kuseri kwa mageji anali atadyedwa ndi dzimbiri, ndiye anawapala n'kuwamanga bwino. Kachipangizo komva kutentha, kamene amakamangirira pa injini, kanali katafa, ndiye anaikapo kena. M'thanki anapeza kachitsulo koyandama pamafuta katakanirira malo amodzi, n'kukamasula.

Bamboyo atabwera n'kuliza injini, timivi tonse tinadzuka. Ka mafuta kanagwera pansi.

"Mwandimwera mafuta inu?" anakuwa.

"Ndi amene muli nawo amenewo, alamu. Lero mwangouzidwa."

Kuyambira pamenepo mtendere unatha m'galimoto. Bamboyo akafika pachitunda, kamuvi kotentha kankakwera, mtima wake n'kukwera nako. Anayamba kuuza anthu kuti mlamu wake wamuonongera galimoto, ndipo akakumana naye ankayang'ana kumbali. Potsiriza anatenga tepi yakuda n'kumata pagejipo kuti asamaione.

Tsiku lina anadzaza njerwa mpaka matayala kuphwatalala. Mkazi wake anakwera nawo kuti amusiye kwa mayi ake. Ali pakati pa chitunda chachitali, mayiyo anamva fungo ngati la mphika wopserera. Anangotambasula dzanja n'kumatula tepi ija ndi chikhadabo. Kamuvi kanali katalowa pofiira.

"Imani."

"Mabodza a mlongo wako amenewo."

"Bambo a ana, ndati imani."

"Ndiime pachitunda ndi katundu yenseyu? Tikaima pamwamba."

Mayiyo anayamba kumasula chingwe cha chitseko. "Ndiye ine nditsika ikuyenda. Mukafotokoze nokha kwa mayi anga."

Bamboyo anapatukira pambali akung'ung'udza, n'kuzimitsa injini. Atatsegula boneti, nthunzi inamuwomba kumaso. Paipi yapansi ya rediyeta inali itang'ambika, ndipo madzi otsala ankadontha ngati misozi. Atacheuka anaona mzere wonyowa ukutsika msewu wonse umene anadzera. Anangokhala pamwala.

Kenaka anati kwa mkazi wake, "Tamuimbira mlongo wako."

"Foni muli nayo, pakamwa muli napo."

Anaimba yekha. Mlamuyo anafika panjinga yamoto, paipi ili m'khosi, chigubu cha madzi kumbuyo. Anadikira injini izizire, anasintha paipi, anathira madzi, kenaka anati, "Lizani." Injini inalira bwinobwino. Anaimvetsera kwa kanthawi atapendeka mutu.

"Yapulumuka. Koma mukanafika nayo pamtengo uwo, alamu, bwenzi tikukamba zina. Paipiyi inayamba kale kudontha, n'chifukwa chake kamuvi kankakwera pachitunda paliponse."

Bamboyo anavula chipewa n'kugwira dzanja la mlamu wake ndi manja awiri, ngakhale linali lakuda ndi girisi.

"Alamu, ndinakunenerani zambiri kwa anthu. Mundikhululukire. Mwandipulumutsira chuma changa, mwadyetsa ana anga."

"Thokozani amene anamatula tepi. Ine ndinangodzutsa akufa."

Bamboyo anatembenukira kwa mkazi wake, koma mayiyo anali atakwera kale.

"Zikomo wanu mudzanene kunyumba," anatero. "Mayi akudikira."

Madzulo ake bamboyo anayenda khomo ndi khomo kumene anaipitsa dzina la mlamu wake, n'kukaliyeretsa ndi pakamwa pomwepo. Ndipo kufikira lero, kamuvi kakangosuntha pang'ono amaima n'kutsika kukayang'ana.

Tonsefe timakonda wotiuza kuti zonse zili bwino, ndipo wotichenjeza timamuona ngati mdani. Koma geji yabodza ija ikanamuperekeza mwaulemu mpaka injini kupsa. Akuluakulu sananame pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi.