Ndimu Pamwamba pa Chitini

Panali munthu wina kudera lina la m'tauni, a Chimphonda, mkulu wa mpingo, wa mtima wabwino ndithu koma waphuma. Musafulumire kumuweruza, poti ambiri muno mwafanana naye.

Kumapeto kwa dera lomwelo kunkakhala a Gwedeza, amene kale anali kalipentala. Matenda anawapha dzanja lamanja ndi mwendo umodzi, dzanja lotsalalo n'kumangonjenjemera. Analibe mkazi, analibe mwana. Chimene chinkawasunga ndi mbale. Amayi a m'deralo ankasinthana kuwapatsira chakudya, lero uyu, mawa uja. Ndipo mwambo wathu mukuudziwa, mbale ya mwini siibwerera yopanda kanthu. A Gwedeza ankaitsuka, n'kuikamo ndimu limodzi la mumtengo wa pakhomo pawo, n'kukaibweza okha akukhwekhwereza mwendo wakufawo. Anthu akaona mzere wa mwendowo pafumbi ankadziwa kuti bambo aja adzuka.

Chaka china njala itavuta, a Chimphonda anayambitsa ntchito yosonkhetsa chakudya cha m'zitini. Anayenda m'magolosale, anagogoda m'nyumba za ogwira ntchito, anachonderera paguwa. Zinabwera zitini za nsomba, za nyemba, za nyama, mpaka kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kanadzaza. Inali ntchito yabwino, sindikuinyoza ayi. Mabanja ambiri anapulumukira pomwepo. Cholakwika chinali mawu amene iwo ananena kwa amayi aja.

"Amayi, pumulani tsopano. Za mbale zija zatha. Chitini sichisasa, sichifuna kutsuka, sichifuna kubweza."

Amayi anapumuladi. Kodi alipo amene amakana kupumula? Loweruka lililonse wa kabaza ankatula zitini pakhonde la a Gwedeza, n'kuliza belu, n'kutembenuka.

Patapita nthawi, a Chimphonda anayamba kupeza chitini chimodzi chitaikidwa pakhomo la kachipinda kaja. Chinali chosatsegula, koma pamwamba pake panali pokandikakandika, ngati wina analimbana nacho ndi msomali. Pachitinipo panali ndimu. Iwo anangoti ndi wopatsa wina wosafuna kudziwika. Chitinicho anachibwezera pashelefu, ndimu n'kufinyira mu tiyi. Loweruka chitini chomwecho chinakweranso kabaza.

Chinabweranso. Ndimu la ulendo uno linali lofota. Lotsatira linali louma gwa. Kenako mvula inayamba, ndipo tsiku lina panapezeka ndimu lakuda bii, lopepuka ngati khala.

Mayi Nachanza, mmodzi mwa amayi a mbale aja, anabwera kudzasesa m'tchalitchi. Anaona ndimulo. Anayang'ana pansi, n'kuona m'matope phazi limodzi ndi mzere pambali pake. Tsache linawagwa m'manja, n'kutembenukira kwa a Chimphonda.

"Abambo, a Gwedeza munawaona liti?"

"Chakudya chikupita Loweruka lililonse, mayi."

"Sindinafunse za chakudya."

Kwa nthawi yoyamba a Chimphonda anachita mantha. Awiriwo anatsata mzerewo dzuwa lili paliwombo. Unawadutsitsa pamsika, unawadutsitsa pamjigo, mpaka unakafika kunyumba yomaliza. Udzu wa pabwalo unali wofika m'maondo. Mtengo wa mandimu unali utauma. Pakhonde panali mulu wa zitini zadzimbiri, ndipo chiswe chinali chitamata chitseko kuchokera pansi mpaka pamwamba, dothi lake losasweka pena paliponse. Koma mzere uja unakalowa pansi pa chitseko chomwecho.

Anaodira. Kunali zii. Anaodiranso, kenako anathyola.

A Gwedeza anali gone pamphasa, ngati tingati amene anatsala pamenepo anali a Gwedeza. Amene anawaona amati munthuyo anatisiya mvula isanagwe. Anazunguliridwa ndi zitini, zina zokandika, zina zokhala ndi zipsera za mano, popanda n'chimodzi chomwe chotseguka. Msomali unali pafupi ndi dzanja lonjenjemera lija. Munthu anafa ndi njala atatsamira chakudya. Mayi Nachanza atavundukula nsalu ya kumiyendo, anabwerera m'mbuyo. Pamwendo wakufa uja panali matope aawisi.

Musandifunse kuti zinatheka bwanji, ine sindidziwa, ndipo a Chimphonda sanafune kudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti zitini zoyamba zija bamboyo anazibweza ali moyo, mwaulemu, monga anazolowera, kuti mwina wina afunsa. Palibe anafunsa. Zimenezi zimandipweteka kuposa za matopezo.

Tsono inu amene mukuyamba kusonkhetsa zitini sabata ino, sonkhetsani, kachipinda kathu kadzaze. Koma kumbukirani kuti mbale ija sinkangonyamula chakudya, inkabweranso ndi uthenga woti mwini nyumba akadali moyo. Chitini sichiodira ndipo sichidikira yankho. Chinyamuleni nokha. Odirani, imani pomwepo mpaka am'kati avomere. Tsegulani ndi dzanja lanu, mukhale pansi mpaka muone kuti munthu wadya. Mukasiya pakhonde n'kutembenuka, musadzadabwe tsiku lina mutapeza ndimu pakhomo panu.