Tsiku Limene Mwandida Anadya Phula

Tsekani makope, ana inu, muyang'ane kuno. Mayeso ndi Lolemba, ndipo ndikuona ena milomo yayamba kale kutuwa ngati mwabwira ufa. Lero masamu tiwasiye. Ndikuuzani kumene kunachokera mawu aja timati safunsa anadya phula.

Kalekale, sukulu zikadali zofolera ndi udzu, pasukulu ina ya m'mphepete mwa phiri panali aphunzitsi a Gwaza, munthu wamfupi koma wa mawu aakulu, amene ankawetanso njuchi m'ming'oma kuseri kwa nyumba yawo. M'kalasi mwawo munabwera mtsikana dzina lake Mwandida. Iyeyu anakulira m'tauni, koma mayi ake atamwalira, amalume ake, a Chikakuda, anamutenga kudzakhala kumudzi.

Mutu wa mwana ameneyu, abale inu! Samu imene anzake ankatuluka nayo thukuta, iye ankangoiyang'ana kamodzi, basi yatha. Koma pakamwa pake panali potseka. Kunyumba a Chikakuda sankafuna mwana wofunsa. Akati, "Malume, kodi mbewuzi ndiike pati?" iwo ankamukalipira kuti, "Maso ulibe? Mwana wofunsafunsa ndi wamwano!" Choncho Mwandida anazolowera kumeza mafunso ake, kunyumba ndi kusukulu komwe.

Mayeso otsiriza chaka atayandikira, a Chikakuda anamuitana. "Tamvera iwe," anatero. "Ine manja olima akundichepera pakhomo pano. Ukakhoza mayeso awa, upitiriza sukulu. Ukalephera, khasu lako ndi ilo lili pakhondelo, ndipo za sukulu ndisadzazimvenso."

"Ndamva, malume," anayankha Mwandida.

Tsono a Gwaza anali ndi chizolowezi chawo. M'mawa wa tsiku la mayeso ankafula uchi, n'kupatsa mwana aliyense kachisa kuti atafune asanalowe m'kalasi. Ankati mwana amene m'kamwa mukutsekemera sanjenjemera dzanja. Ana ankatafuna, kuyamwa uchi wonse, kenako n'kulavulira phula m'mbale ina, poti akazi awo a aphunzitsi ankalisungunula n'kupangira makandulo. Mwana aliyense wa m'mudzimo ankadziwa zimenezi. Mwandida yekha ndiye sankadziwa. Uchi ankaudziwa wa m'botolo, chisa cha njuchi anali asanachigwirepo chibadwire.

Tsikulo anachedwa, chifukwa amalume ake anayamba amutuma kukamangirira mbuzi. Anafika anzake atalowa kale. A Gwaza anasuzumira pazenera n'kufuula kuti, "Mwandida, gawo lako lili pakhondepo. Idya msanga ulowe!"

Pakhonde panali mbale ziwiri. Ina inali yovundikira ndi tsamba la nthochi. Ina inali yosavundikira, yodzaza ndi timibulu tachikasu, tonyowanyowa. Mwandida anaima, nayang'ana iyi, nayang'ana iyo. Aphunzitsi anali pomwepo pazenera, moti akanangoti, "Iti, aphunzitsi?" nkhani ikanathera pomwepo, ine sindikanakhala ndi chokuuzani lero. Koma anaganiza kuti yovundikirayo mwina ndi ya akuluakulu, kuivundukula n'kupalamula. Anatapa m'mbale yosavundikira ija.

Zinali zosatsekemera, zomata m'mano, zokanika kutafunika. Anadabwa kuti anzake amazikonderanji. Koma poti aphunzitsi anati idya, anameza. Anatapanso kachiwiri, kachitatu, mpaka kachinayi, kuti asaoneke wonyoza chakudya cha eni.

M'kalasi munatsala malo amodzi okha, pangodya, kuseri kwa mzati waukulu wa njerwa wochirikiza denga. Masiku amenewo mafunso ankalembedwa pabolodi, ndipo tsikulo anali masamu khumi: asanu kumanzere, asanu kumanja. Kutsogolo kunakhala bambo wina wochokera ku boma, woyang'anira mayeso, amene anati, "Wotembenuza khosi ndimung'ambira pepala. Wofuna kanthu akweze mkono."

Mwandida ankaona mafunso asanu okha. Enawo mzati unawabisa. Ankaona ndithu timichira ta choko tikutulukira m'mbali mwa mzatiwo, ndipo anadziwa kuti uko kuli zina. Kusuzumira anaopa. Kukweza mkono anaopanso. Mkono unanyamuka pang'ono, n'kubwerera pabondo. Analemba asanu aja, n'kukhala duu, m'mimba mukupota, nseru ikukwera, thukuta lili kamukamu.

Belu litangolira, anaimirira kuti akapereke pepala. Sanayende mapazi atatu. Anawerama, n'kusanza pakati pa kalasi.

A Gwaza anathamangirapo, nayang'ana pansi, maso ali tong'o. "Ichi n'chiyani? Phula? Mwanawe, wameza phula?"

Mtsikana wina anagwira pakamwa n'kukuwa kuti, "Mayo ine! Aphunzitsi, wadya zolavula zathu!"

Palibe anaseka, ndikukuuzani. Ngakhale anyamata ovuta a m'kalasimo anangoti kukamwa yasa. A Gwaza anatuluka panja, navundukula tsamba la nthochi lija, napeza chisa cha Mwandida chili chonse, uchi ukuchucha, chachikulu kuposa cha wina aliyense. Anabwerera m'kalasi, natola pepala la Mwandida. Masamu asanu onse anakhoza, opanda ndi pofufuta pomwe. M'munsi mwake munali mbee.

"Nanga enawa bwanji sunalembe?"

"Sindimawaona, aphunzitsi," anatero Mwandida, misozi ili chuchuchu.

A Gwaza anakakhala pamalo pake paja. Atakweza maso, anaona njerwa zokhazokha. Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Kalanga ine! Maola awiri athunthu, ine ndili pompano, iwe osanena?"

Anachonderera woyang'anira uja kuti mwanayo alembeko otsalawo, koma iye anapukusa mutu. "Belu lalira, aphunzitsi. Ndinanena kuti wofuna kanthu akweze mkono. Akanakweza, ndikanamusuntha nthawi yomweyo." Kukhoza kunkayambira pa masamu asanu ndi imodzi. Mwandida analephera ndi samu imodzi yokha.

A Gwaza anapita mpaka kwa a Chikakuda. "Bambo, mwanayu sanalephere ndi umbuli ayi. Pakamwa pake munatseka ndinu. Mubwezeni abwereze kalasi."

"Mawu anga ndinanena kale," anayankha a Chikakuda, osadzutsa ndi mutu womwe. Sukulu itatsegulidwa, ana ankamuona Mwandida m'munda wa m'mbali mwa njira, khasu lili m'manja, akuwayang'ana akamadutsa ndi makope awo.

Kuyambira pamenepo, a Gwaza akaona mwana akuzengereza kukweza mkono, ankamenya tebulo n'kunena kuti, "Funsa! Safunsa anadya phula!" Mawuwo anatuluka pasukulupo n'kufalikira m'midzi, mpaka lero tikuwanena. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu woopa kufunsa amataya chabwino chimene anamusungira, n'kudzitengera chopweteka, pamene womuuza ali pafupi.

Nkhaniyi imandiwawa ndikamaifotokoza. Tsono Lolemba, pepala likakhala losaoneka bwino, pensulo ikathyoka, m'mimba mukapota, kweza mkono, ukweze mpaka akuone. Woyang'anira mayeso si mkango. Kufunsa kukuchititsa manyazi kwa kamphindi chabe, koma Mwandida, mwana wanzeru kuposa onse m'kalasi muja, sanabwererenso kusukulu chifukwa choopa kufunsa.